Nyumba ya wagolosale wa ku Grantham ikuposa chiboliboli cha mwana wake

Ku Grantham, katauni ka m'chigawo cha Lincolnshire ku England, makilomita oposa 160 kumpoto kwa London, kuli zinthu ziwiri zokumbutsa za Margaret Thatcher ndipo ine ndikuona kuti ndalama ndi phokoso lonse zinapita pa cholakwika. China ndi chiboliboli chake chamkuwa chomwe anachiimika pa St Peter's Hill mu May 2022, chinadya mapaundi 300,000, anachikweza pamwala wautali pafupifupi mamita atatu kuti anthu asachifikire koma tsiku lomwelo wina anachigenda ndi mazira. Chinacho ndi nyumba ya njerwa pakona ya North Parade ndi Broad Street, pomwe bambo ake Alfred Roberts ankagulitsa shuga, tiyi, nyama yankhumba yofutsa ndi masitampa, banja likugona pamwamba pa shopuyo. Pakhoma pake pali kachikwangwani kakang'ono konena kuti mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya Britain anabadwira muno, basi.

Pa ziwirizi chofunika kuchisamala ndi nyumbayo, ndipo isamalidwe ngati nyumba ya Alfred wagolosale osati ngati kachisi wa mwana wake. Chiboliboli chimakuuza zomwe amene anachilipira akufuna kuti uziganiza, nde ukagwirizana nazo umaomba m'manja, ukapanda kugwirizana nazo umakasaka dzira. Chimenechi poyamba anachipangira ku London kuti chikaime pafupi ndi nyumba ya malamulo, khonsolo ya Westminster inachikana mu 2018, kenako nkubwera nacho kwawo. Nyumba ija yokha inamangidwa kalekale mayiyu asanabadwe, anthu asanayambe kukangana za iye, ndipo amene anaimanga ankangoganiza za malonda ndi pogona. Nchifukwa chake ine ndimaikhulupirira.

Tiyeni tiione kaye mmene ilili. Ndi yosanja, pansi shopu, pamwamba zipinda zosanjikizana kawiri, ndipo yagundana khoma ndi khoma ndi nyumba zinzake za mumsewumo monga amamangira m'matauni akale a ku England. Kutsogolo kulibe bwalo, kulibe mpanda, kulibe kapinga, ukangotuluka pakhomo waponda pomwe pakudutsa anthu. Pansipo mawindo ndi akuluakulu chifukwa ntchito yawo inali kuonetsa katundu, pamwamba ndi mawindo wamba a nyumba yogona, nde munthu utaima tsidya lina la msewu umaona wekha pomwe malonda athera ndi pomwe banja layambira, mzere wake uli poyera. Kukhala pakona kunali chuma pakokha, shopu ya pakona ili ndi nkhope ziwiri, obwera uku akuiona obwera uko akuionanso, ndipo masiku amenewo msewu waukulu wochokera ku London kupita kumpoto mpaka ku Scotland, wotchedwa Great North Road, unkadutsa mkati mwa Grantham momwemo, njanji nayo ili pafupi. Alfred pogula malowa ankadziwa chomwe akugula.

Mkati mwake Margaret mwini anafotokozapo atakula, kauntala, kuseri kwake timadirowa tamatabwa a mahogany tosungiramo zokometsera zakudya tokhala ndi zogwirira zamkuwa zopukutidwa mbee, pamwamba zitini zakuda zazikulu za tiyi. Katundu sankabwera wopakiratu ngati lero ayi, shuga ndi tiyi zinkabwera m'masaka ndi m'mabokosi nde ana a pakhomopo ankathandiza kuyeza pasikelo nkumaika m'timapepala tolemera paundi imodzi kapena awiri. Kumbuyo kunali chipinda chosungiramo nyama yofutsa, komwe ankaisenga, fungo la khofi ndi la nyamayo linkafika nyumba yonse. Ndipo chinthu chomwe chimandigwira mtima kwambiri pa mamangidwe ake ndi masitepe, opita kuchipinda chochezera cha banja anali kuseri kwa kauntala. Tanthauzo lake nloti mwana akachoka kusukulu sangafike pomwe pali mpando wake osadutsa pa makasitomala, mayi akatsika kukatenga kanthu adutsa pamaso pa anthu ogula, mlendo wa pakhomo ndi munthu wodzagula machesi alowera khomo limodzi.

Taganizani kukulira m'nyumba yotero. Palibe nthawi yomwe unganene kuti bambo aweruka. Shopu ikatsekedwa anthu ankagogodabe usiku kapena Lamulungu kuti shuga watithera, batala watithera, chifukwa akudziwa kuti mwini wake ali pamwamba pomwepo ndipo nyali akuiona. Bambo ndi mayi sankapita kutchuthi limodzi, wina apite wina atsale chifukwa shopu singatsekedwe. M'shopumo munalinso kapositi ofesi, nkhalamba zinkadzalandirirapo penshoni, ena kudzasungitsa tindalama tawo, nde aliyense wa m'deralo, olemera ndi osauka, ankadutsa pakauntala imeneyi ndipo Alfred ankadziwa ndani ali ndi kanthu, ndani zamuvuta mwezi uno. Anthu akamati mwana wa pakhomopa anaphunzira ndale patebulo la bambo ake ine ndimati ayi, zinayambira pa masitepe aja, nyumbayo inamangidwa mwanjira yoti moyo wa banja ndi nkhani za tauni yonse zisalekane.

Alfred mwiniyo ndi munthu woyenera kumukumbukira payekha, ngakhale mwana wake akanangokhala mphunzitsi wa sayansi osatchuka. Anabadwa mu 1892 ku Ringstead ku Northamptonshire, m'banja la anthu osoka nsapato, sukulu anasiya ali ndi zaka 13 chifukwa cha kusowa, maso ake anali ofooka moti ngakhale kunkhondo yoyamba ya dziko lonse anamukana. Anagwira ntchito m'magolosale a anthu ena, anafika ku Grantham mu 1913, anakwatira Beatrice Stephenson yemwe anali telala mu 1917, ndipo ndi zomwe awiriwa anasunga kuphatikiza ngongole anagula shopu ya pa North Parade mu 1919. Mwana wawo woyamba Muriel anabadwa mu 1921, shopu yachiwiri anatsegula pa Huntingtower Road mu 1923, Margaret anabadwira m'chipinda chapamwamba pa 13 October 1925. Anali mlaliki wa mpingo wa Methodist, banja lonse linkapemphera pa Finkin Street ndipo Lamulungu linali la tchalitchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Analowa m'khonsolo mu 1927, anayang'anira zachuma za khonsoloyo zaka zambiri, anakhala meya kuyambira 1945 mpaka 1946, ndipo mu 1952 a chipani cha Labour atapambana anamuchotsa pampando wa akuluakulu a khonsolo, nkhani yomwe mwana wake ankailirabe ali kale nduna yaikulu. Munthu wosiya sukulu ali mwana, wokonda kubwereka mabuku ku laibulale, anafika pokhala meya akuyeza shuga. Anthu oterewa analipo m'tauni iliyonse ndipo ndi amene ankayendetsa makomiti a sukulu, a tchalitchi, a chipatala, koma zomwe timasunga nthawi zambiri ndi nyumba za mafumu ndi mabishopu, za anthu ngati Alfred timaziona ngati wamba.

Tsono apa ndi pomwe nyumba imaposa chiboliboli kutalitali, chifukwa imatha kukonza nkhani yomwe wandale wakamba. Margaret Thatcher ankakonda kwambiri kunena kuti iye ndi mwana wa wagolosale, anakulira pamwamba pa shopu, ndipo atalowa ku 10 Downing Street, nyumba ya nduna yaikulu, mu 1979 nkumagona m'zipinda zapamwamba pa maofesi ankati wabwereranso kokhala pamwamba pa shopu. Omukonda anaitenga nkhaniyi ngati ya mwana wosauka yemwe anadzikweza yekha, ndipo umboni wawo ndi woona, m'nyumbamo munalibe madzi otentha a m'mpope, chimbudzi chinali panja kuseri, kunalibe dimba, nthawi ya nkhondo yachiwiri ndege za Germany zikuponya mabomba pa Grantham chifukwa cha fakitale ya zida yomwe inali m'tauniyo banjali linkabisala pansi pa tebulo lodyera poti kunalibe malo okumba pobisalira. Koma nyumba yomweyo ikunenanso zina. Inali yawoyawo osati ya lendi, ili pakona ya msewu waukulu, mwini wake ali ndi shopu ziwiri ndi antchito, akukhala m'makomiti a tauni. Kusowa kwa madzi otentha sikunali umphawi weniweni, kunali kusankha, ndalama ikapezeka inkabwerera kukauntala kapena kukasungidwa, ya pamwamba idikire. Ndipo patapita zaka anasamukira kunyumba ina yabwinopo mumsewu womwewo. Mwana wa munthu wogwira ntchito ku fakitale m'tauni yomweyo, wokhala nyumba ya lendi, sakananena kuti iye ndi Margaret anali pa mzere umodzi.

Izi sizikuchotsa kanthu pa khama la mtsikanayo, anapita ku Kesteven and Grantham Girls' School nkukalowa ku Somerville College ku yunivesite ya Oxford mu 1943 kukaphunzira chemistry, nthawi yomwe atsikana a m'matauni ang'onoang'ono ofika kumeneko anali owerengeka. Koma munthu woima pakonapo nkuyang'ana nyumbayo bwinobwino amapeza chithunzi chonse, kulimbikira kulipo, kudzimana kulipo, komanso poyambira panalipo. Chiboliboli cha mamita angapo m'mwamba sichingakuuze zimenezo.

Ndikudziwa ena akuwerenga akupukusa mutu kuti iwe bwanji ukutikambira zosamala nyumba ya mayi ameneyu. Ndipo ali ndi zifukwa, sindikuzipeputsa. Kwathu kuno kummwera kwa Africa ambiri amamukumbukira ngati mtsogoleri yemwe anakana kwa zaka kuti South Africa ya tsankho ilandire zilango zachuma zokhwima pomwe maiko anzake a Commonwealth ankakakamira. Ena amakumbukira kuti boma lake ndi lomwe linachititsa zokambirana za ku Lancaster House mu 1979 zomwe zinatsegula njira ya ufulu wa Zimbabwe, achikulire ena akukumbukira akubwera ku Malawi mu 1989, Kamuzu akumulandira, nkupita kuchigwa cha Shire kukaona anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Ku Britain komweko mabanja a anthu a m'migodi ya malasha sanaiwale sitiraka ya 1984 mpaka 1985 ndi mmene matauni awo anafera pambuyo pake. Mkwiyo umenewo ndi weniweni ndipo ndi womwe unagenda mazira aja.

Koma kusunga nyumba si kupereka ulemu, ndi kusunga umboni, ndipo odana ndi ndale zake ndi amene akuufuna kwambiri umboniwo. Mayiyu ankakhulupirira kuti dziko liziyendetsedwa ngati pakhomo posamala ndalama, osadya zomwe sunapeze, osakonda ngongole, aliyense adziimire payekha. Ine sindivomereza kuti dziko ndi golosale, boma lili ndi udindo kwa anthu omwe sangafike nkomwe pakauntala, ndipo wagolosale akatseka shopu yosapindula amavutika ndi antchito atatu pomwe boma likatseka mgodi limapha mudzi wonse. Koma kuti ndinene zimenezi molimba mtima ndiyenera kumvetsa komwe maganizowo anachokera, kuti anali oona ndi othandiza m'kati mwa makoma anayi amenewa, ndipo vuto linabwera powatulutsa panja nkuwakuza kufika pa dziko la anthu mamiliyoni. Nyumbayo ikuonetsa mphamvu ya maganizowo komanso malire ake nthawi imodzi.

Pali chinanso chomwe chimandiwawa ndikamaiganizira. Shopu ngati ya Alfred, ya pakona, mwini wake akudziwa kasitomala aliyense ndi dzina, inaphedwa ndi masupamaketi akuluakulu, ndipo m'zaka za m'ma 1980, boma lili m'manja mwa mwana wake, ndi pomwe masitolo akuluakulu omangidwa kunja kwa matauni, ofika ndi galimoto, anachuluka kwambiri ku Britain. Boma lomwelo mu 1986 linabweretsa bilu yolola masitolo kutsegula Lamulungu, aphungu anaikana, ena a chipani cha Margaret chomwe anaiukira. Alfred anali atamwalira kale mu 1970, munthu amene Lamulungu kwa iye linali la Mulungu basi. Sindikunena kuti mwana anapereka bambo ake, dziko linali likusintha kale ndipo masupamaketi sanayambe ndi iye. Ndikungoti moyo womwe iye ankautamanda m'zokamba zake unkazimirira nthawi yomweyo, ndipo chomwe chatsala chooneka ndi maso ndi nyumba ngati imeneyi.

Ena anganene kuti komatu ndi nyumba wamba, zoterezi ku England zilipo zambirimbiri, palibe katswiri wotchuka anaijambula, palibe chodabwitsa pa njerwa zake. Zoona, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Tchalitchi cha St Wulfram's cha m'tauni yomweyo chokhala ndi nsanja yaitali ija palibe angachikhudze, sukulu ya King's School komwe anaphunzira Isaac Newton aliyense akudziwa kuti ndi ya mtengo wapatali. Zomwe zimatha mwakachetechete ndi nyumba wamba, wina wachotsa kauntala, wina wasintha mawindo, wina wagumula khoma la pakati kuti malo akule, aliyense akuganiza kuti zinzake zilipo zambiri, mpaka tsiku lina mupeza kuti palibe ngakhale imodzi yomwe yatsala mmene inalili. Ya Alfred ili ndi mwayi chifukwa cha dzina la mwana, nde iyenera kuimira zinzake zonse zomwe zilibe dzina.

Ndipo sindikunena kuti aitseke nkuika chingwe chofiira ndi munthu wodula matikiti pakhomo. Alfred atasiya malonda nyumbayi inadutsa m'manja ambiri, m'zaka za m'ma 1980 inakhalapo lesitilanti, kenako kwa zaka zambiri yakhala kiliniki yowongola misana. Zimenezo ine sizindipweteka, shopu inamangidwa kuti chitseko chake chizitseguka ndi kutsekeka tsiku lonse, nyumba yomwe mukulowa anthu imakonzedwa denga likadontha pomwe yongotsekedwa imaola. Chomwe ndikupempha ndi choti kaonekedwe ka kutsogolo, kusiyana kwa pansi ndi pamwamba, malo a masitepe, kabwalo ka kuseri, zisasinthidwe, ndipo munthu wodutsa apeze pomwe angawerenge za Alfred ndi Beatrice, za positi ofesi, za mmene shuga ankayezedwera, osati dzina la mwana lokha. Kachigawo kakang'ono ka ndalama zomwe zinapita ku chiboliboli kakanakwanira ntchito imeneyo.

Nkhaniyi ndaitenga kutali koma mamangidwe amenewa si achilendo kwa ife, kungoti kwathu banja silinkakwera pamwamba, linkapita kuseri. Aliyense amene anakulira pafupi ndi tredingi senta yakale akuidziwa sitolo ija, khonde lalitali lokhala ndi mizati ya njerwa, denga la malata lotsetsereka kuphimba khondelo kuti ogula asanyowe ndi mvula kapena kupsa ndi dzuwa, telala ali pakona ya khonde ndi makina ake opalasa ndi mapazi, nsalu yagulidwa mkati yasokedwa panja pomwepo. Zitseko ziwiri zamatabwa zochindikala zotsekera ndi mpiringidzo wachitsulo, mkati mwamdima pang'ono ndi mozizira, kauntala yaitali yosalala chifukwa cha zigongono za anthu, mashelefu mpaka kudenga, sikelo ndi miyala yake, mita yoyezera nsalu, fungo la sopo ndi palafini ndi mchere. Kenako pakati pa mashelefu pali kachitseko kokhala ndi katani, kuseri kwake ndi kunyumba, kabwalo kotchingidwa ndi mpanda, khitchini, ana akusewera. Nzeru yake ndi yomweyo ya ku Grantham, mwini sitolo azigona ndi katundu wake, mlonda ndi iye mwini, kasitomala wa usiku agogode.

Zambiri mwa izo anamanga amwenye, ku Limbe, ku Zomba, ku tauni yakale ya Lilongwe ndi m'matredingi senta a m'mbali mwa njanji ndi misewu, ndipo m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu litalamula kuti achoke kumidzi azichita malonda m'matauni akuluakulu okha, sitolo zija zinatsala, zina anatenga Amalawi, zina zinasanduka mabala, zina matchalitchi, zina zinangogwa. Palinso magolosale omwe anamanga azigogo athu atabwera ku Joni ndi ku Harare ndi ndalama za kumgodi ndi kumafamu, kachipinda kutsogolo kokhala ndi windo lalikulu, banja kuseri, dzina la mwini lolembedwa ndi penti pamwamba pa chitseko. Ana angati anaphunzira masamu pobweza chenji m'menemo, mafizi angati anachokera m'kadirowa ka pansi pa kauntala. Lero ambiri tikangopeza ndalama choyamba ndi kugumula khonde, kuika galasi ndi shata yachitsulo, kapena kugwetsa zonse nkumanga plaza.

Tikamakamba za nyumba zakale zofunika kusamala m'Malawi timatchula Mandala House ya 1882 ku Blantyre, timatchula tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha kumangidwa mu 1891, ndipo nzoyenera. Koma imeneyo ndi mbiri ya kampani yaikulu ndi ya amishoni. Mbiri ya munthu wogula mchere wa tambala, ya mayi wotenga nsalu pangongole mpaka fodya agulitsidwe, ya mnyamata wonyamula masaka, ili m'sitolo za khonde zija. Ndipo si mbiri yokoma yokhayokha ayi, anthu ena ali ndi zowawa zawo za mmene ankalandiridwira m'masitolo a nthawi ya atsamunda. Ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, munthu wakuda m'masitolo ndi m'mabutchala a azungu ankagulira pa kawindo ka m'mbali osaloledwa kulowa pakhomo, mpaka anthu ananyanyala kugula m'zaka za m'ma 1950. Kawindo kotero kakapezeka pakhoma lakale nkomwe mwana wa lero angakhulupirire nako kuti zinachitikadi, mukakatseka ndi simenti nkupaka penti mwafufuta mlandu.

Nde amene muli ndi sitolo yotere, kaya munasiyiridwa ndi bambo kaya munagula, sindikukuuzani kuti mukhale m'nyumba yodontha kapena musiye kupanga ndalama, malonda ndi amene anaimanga ndipo malonda ndi amene angaisunge. Sinthani malata, kokani magetsi atsopano, ikani shata ngati akuba avuta koma iikeni mkati mwa khonde, mizati ija isiyeni, kauntala yakale musaiwaze nkhuni, dzina la mwini woyamba ngati likuonekabe pansi pa penti lisiyeni lizioneka. Musanagumule kanthu jambulani ndi foni mbali zonse, mkati ndi kuseri komwe, mufunse achikulire a pamalopo kuti anamanga ndani, chaka chiti, njerwa anaumba kuti, ndipo mulembe. Makhonsolo nawo akamapereka chilolezo chogwetsa nyumba m'matauni akale azifunsa kaye zaka zake, ndipo a nthambi yoona za zinthu zakale apite ku Luchenza, ku Namadzi, ku Balaka akawerenge kuti zatsala zingati.